Chisanu pa Malata a ku Bontleng

Beston Alufandika anabadwira ku Nsanje, kumene dzuwa silichita nthabwala. Kumeneko mwana amakula akudziwa kutentha kwa mitundu yonse, mpaka kuja kwa mu Novembala kumene mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Koma mukanamufunsa za madzi oundana, akanakuuzani kuti amapezeka mu filiji ya m'golosale basi, ndipo akanakusekani mukanati madzi angaume gwa paokha panja, pansi pa thambo la Mulungu. Sikuti anali mbuli ayi. Anali ndi manja abwino, ankawotcherera zidebe ndi kukonza mijigo mpaka ku Bangula. Vuto la munthu wa manja abwino n'lakuti safunsa, amangotenga sipanala.

Ku Gaborone anafika mu Okutobala 2005, ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ataitanidwa ndi mchemwali wake wamkulu, Bernadette, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko kuyambira kalekale. Mwamuna wa Bernadette, Frackson Chimkwita, munthu wa ku Dedza, ndiye anamupezera ntchito pamodzi ndi pemiti pa kampani imene iye ankagwirako, yoika magiza a sola, otenthetsera madzi, pamadenga. Onse ankakhala ku Bontleng, dera lina la mumzindawo, m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba yaikulu: Frackson, Bernadette ndi mwana wawo wamkazi Shalom chipinda chimodzi, Beston chinacho limodzi ndi makatoni a zipangizo.

Chaka chimenecho khonsolo inali itagwirizana ndi komiti ya anthu a m'deralo kuti ayese chinthu chatsopano. Ankati mzinda wadzadza utsi wa nkhuni ndi palafini, magetsi ambiri amachokera ku malasha ndi kutsidya kwa malire, pomwe dzuwa likungotayika bwerere pamalata. Ndiye anasankha nyumba makumi anayi ku Bontleng zoti aikepo magiza otenthetsa madzi ndi dzuwa. Zikayenda bwino, ankati, adzafalitsa mzinda wonse. Ntchito yake sinali yovuta kuimvetsa: galasi lalikulu lakuda loyang'ana kumpoto, timapaipi ta kopa tating'ono m'kati mwake, thanki pamwamba, ndipo kumunsi kwa galasilo kavavu kamkuwa kotalika ngati chala.

Frackson anali mphunzitsi wabwino wa manja, koma pakamwa anali woumira. Ankagwira ntchito ukumuona, kenako n'kukupatsa sipanala kuti ubwereze. Ukalakwitsa ankangoliza likhweru pang'ono, ukakhoza ankagwedeza mutu. Kavavu kaja ankamanga yekha nthawi zonse, ndipo Beston sanafunse kuti n'kantchito yanji, poopa kuoneka wobwera dzulo. Chimene Frackson sankalola n'chimodzi: mlamu wake kukwera popanda iye kugwira makwerero. Ankaima pansi, phazi limodzi atapondetsa pa tsinde la makwerero, n'kumati, "Kwerani alamu, ndagwira." Anagwira ntchito chilimwe chonse, ndipo pofika mu Epulo nyumba zonse zinali ndi madzi otentha. Anthu ankawapatsa moni pamsewu ngati madokotala.

Mu Meyi kampani inatumiza Frackson ku Modipane kwa milungu itatu kukaika magiza pa sukulu ina, ndipo Beston anatsala woyang'anira za ku Bontleng. Mphepo inayamba kuluma m'mawa. Tsiku lina kusanatenthe, Mma Goitse, mayi wachikulire wa mzere wachitatu wa nyumbazo, anabwera kudzagogoda atafunda bulangete.

"Dumela, rra. Chinthu chanu chija chikutaya metsi," anatero, akusakaniza Chisetswana ndi Chingelezi mpaka Beston anamva. "Every morning, tho, tho, tho. Dziko lino madzi sitisewera nawo."

Mayiyo sankanama. Damu la mzindawo linali litaphwa kwambiri chilala chitangodutsa, anthu ankatsukira mbale m'beseni n'kuthirira madziwo mtengo wa pakhomo, ndipo munthu wotayitsa madzi ankamuyang'ana ngati wakuba. Beston atakwera anapeza kuti n'kavavu kaja kakudontha. Anachita manyazi chifukwa cha mlamu wake. Anaganiza kuti Frackson, ndi luso lake lonse lija, anamanga mosakhwimitsa. Anachotsa kavavu, anakulunga tepi yoyera pa pulagi yachitsulo, n'kumanga zolimba. Kudontha kunatha pomwepo.

"Ke a leboga, rra," anatero Mma Goitse pothokoza, ndipo anamupatsa tiyi wa mkaka wambiri.

Mbiri ya mmisiri wodziwa kuletsa kudontha inayenda mzere ndi mzere. Pofika kumapeto kwa mweziwo Beston anali atatseka nyumba khumi ndi imodzi, ndipo timavavu tonse anatisunga m'chitini pansi pa bedi. Frackson atabwerera, Beston sananene kanthu. Ankadziona ngati munthu wachifundo amene wabisa kulakwa kwa wamkulu, ndipo, tinene zoona, zinkamukomanso mumtima kuti pali chimodzi chimene waposa mphunzitsi wake.

Chimene mwana wa ku Nsanje sanadziwe n'chakuti kudonthako ndiyo inali ntchito ya kavavuko. Kukazizira kufika poti madzi aundane, kamatseguka kokha kuti madzi aziyenda m'timapaipi, chifukwa madzi oyenda saundana msanga. Ukakatseka, madzi amauma m'kati, amafufuma, n'kung'amba kopa ngati nsalu yakutha. Ku Dedza aliyense amadziwa zimene chisanu chimachita. N'chifukwa chake mwina Frackson sanaganize n'komwe kuti ndi nkhani yofunika kufotokozera munthu wamkulu.

Chisanu chenicheni chinagwa sabata yachiwiri ya Juni. Lachitatu, galasi la Mma Goitse linaphulika m'kati, madzi n'kutsikira pakhoma, ndipo Frackson ndiye anapita kukaona, chifukwa Beston anali atatumidwa ku sitolo ya kampani. Madzulo ake Frackson anadya mwakachetechete monga mwa masiku onse. Lachinayi m'mawa Beston anadzuka n'kupeza makwerero palibe. Asanamalize n'kusukusula komwe, anamva anthu akukuwa ku mzere wachisanu. Anathamanga, udzu ukuphwanyika kuphazi, woyera mbuu, chinthu chimene anali asanachionepo. Anapeza Frackson ali gone pa simenti pafupi ndi mpopi, makwerero ataimabe bwinobwino. Malata anali ataterera ndi chisanu. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Apa ndi pamene pali tchimo lenileni la Beston, ndipo iye mwini amatero. Kutseka mavavu kunali kusadziwa. Koma masana a tsiku lomwelo, mnzake wa pa kampani atamufotokozera pa siwa mmene chisanu chimang'ambira mapaipi kavavu kakapanda kugwira ntchito, Beston anadzuka ngati akupita kukadzithandiza, anatenga chitini chija, n'kukakwera nyumba zonse khumi ndi imodzi. Ankaopa pemiti, chifukwa kampani ikakuchotsa ntchito, pepalalo limasanduka lokulungira mandasi. Pa nyumba zinayi anapeza mapulagi ake, magalasi atang'ambika kale. Anachotsa mapulagiwo n'kubwezeretsa mavavu. Pa nyumba zisanu ndi ziwiri mapulagi panalibe. Panali mavavu atsopano, omangidwa mwaukhondo. Anaima pa denga lomaliza, la mzere wachisanu lija. Ankadziwa dzanja limene linamanga, koma anakana kuiganizira nkhaniyo mpaka pa mapeto ake.

Lipoti la kampani linati malemu Chimkwita ndiye anamanga mavavu molakwika, ndipo pofuna kubisa kulakwa kwake anakwera yekha m'mawa popanda lamba wodzitetezera. Komiti inaimitsa ntchito yonse. Anthu ena anapempha kuti magalasi awachotsere, ati zinthu zophulika ndi zopha anthu sazifuna pamutu pawo. Dzina la Frackson linasanduka chitsanzo cha mmisiri wa ntchito yosalongosoka, ndipo Shalom, amene anali mu sitandade faifi, anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu n'kufunsa mayi ake m'Chingelezi ngati n'zoona kuti bambo ake sankadziwa ntchito. Beston anali pomwepo, akupukuta nsapato. Anapitiriza kupukuta.

Thupi analitengera ku Dedza. Bernadette atabwerako anabwerera ku ntchito yake, ndipo Beston anakhalabe pa kampani, kumaika magiza m'nyumba za anthu olemera ndi m'maofesi atsopano amene ankamera ku CBD, dera latsopano la malonda. Anakhala mmisiri wosamala kwambiri moti anzake ankamuseka kuti amamanga kavavu ngati akubatiza mwana. Aliyense watsopano ankamufotokozera za chisanu mpaka kumutopetsa. Koma pamadenga sanakhalenso yekha. Akaponda makwerero, ngakhale pa nthaka ya mchenga, ankawamva atalimba nji ngati wina wapondetsa phazi pansi. Akayang'ana, panalibe munthu. Nthawi zina akazungulitsa sipanala ku mbali yolakwika ankamva kalikhweru kaja kumbuyo kwa khutu, masana dzuwa lili phwee. Sikankamuopseza. Chimene chinkamupweteka n'chakuti munalibe mkwiyo m'kalikhweruko. Akanakonda mzimu womutukwana.

Anaonda. Anasiya kupita ku kwaya ya Amalawi, chifukwa mpando wa besi wa Frackson unali pafupi ndi wake. Panali mtsikana wina wosoka, Rehema, amene anthu ankati angamusunge bwino, koma Beston anazengereza mpaka mtsikanayo anakwatiwa ndi munthu wa ku Zambia. Mzere wachisanu sankadutsako, ankazungulira njira ya ku shopu ngakhale pamvula. Bernadette ankamuphikira, kumuchapira, koma nkhani zawo zinali za mchere ndi sopo basi.

Kenako kunabwera 2008, chaka chimene magetsi anayamba kuzimazima mzinda wonse. Anthu anabwerera ku nkhuni ndi palafini, utsi unkakhala pamwamba pa Bontleng m'mawa uliwonse, ndipo amene anasunga magiza awo ndiwo ankasamba madzi otentha ena akuwasirira. Khansala watsopano wa deralo, mayi wolankhula mosazungulira, anadzutsanso nkhani ija. Anaitanitsa msonkhano pa kgotla, bwalo limene anthu a kuno amakambirana za m'dera mwawo ndipo aliyense amaloledwa kulankhula. Funso linali limodzi: ntchito ya sola ipitirire kapena ayi. Akuluakulu a kampani anauza antchito kuti yankho lawo n'lokonzeka kale: magiza alibe vuto, vuto linali munthu mmodzi, ndipo munthuyo kulibenso.

Beston anawamva mawu amenewo Lachitatu, ndipo Lachisanu masana, Bernadette atabwerako kuntchito, anamupeza akusita pa khonde. Beston anakhala pa ndowa yovundikira, manja ali pakati pa mawondo.

"Achemwali, pali nkhani imene ndakhala nayo zaka ziwiri."

Bernadette sanasiye kusita. Beston anafotokoza zonse, kuyambira pa tiyi wa Mma Goitse mpaka pa chitini. Atamaliza, mchemwali wake anaimika simbi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kampango komanga mfundo. Anakamasula pa tebulo lositira. Munali mapulagi asanu ndi awiri, tepi yoyera ikadali pomwepo.

"Anali m'thumba la ovolosi imene anandipatsa kuchipatala," anatero. "Tsiku lija bambo a Shalom anandidzutsa akuvala nsapato. Anati, mlamu wanga watseka mavavu, sakudziwa chisanu, ndikachotse bwana asanabwere pa inspection, apo ayi amuthamangitsa. Ndinati dikirani dzuwa lituluke. Anati likatuluka bwana afika."

"Ndiye mumadziwa? Nthawi yonseyi?"

"Ndimadziwa."

"Bwanji osandifunsa, achemwali? Bwanji osanditukwana?"

"Ndikanataya mwamuna, n'kutayanso mchimwene mwezi umodzi? Kwathu ndikanakanena chiyani kwa amayi?" Mawu ake anali ouma. "Ine ndinakhala chete chifukwa iwo anafera kukubisa. Ndinkati ndikalankhula ndiye kuti afera chabe. Koma tsiku limene Shalom anafunsa lija, ndinakuyang'ana, Beston. Ndinadikira. Iwe n'kumapukuta nsapato."

Beston analira pamenepo, kulira kwa munthu wamkulu kosasangalatsa kuona. Bernadette sanamutonthoze. Anamanganso kampango kaja n'kupitiriza kusita yunifolomu ya mwana.

"Mawa ndikalankhula," anatero Beston.

"Ukudziwa kuti Lolemba ulibe ntchito, ndipo pemiti yapita?"

"Ndikudziwa."

"Usachite chifukwa cha ine. Ine sindinakupemphe."

Loweruka anthu anadzaza pa kgotla, amuna atavala majekete monga mwa mwambo wa pamalopo, amayi atafunda matshali, timabulangete ta pamapewa. Analankhula ambiri. Wina anati utsi ukudwalitsa ana, wina anati sakufuna kugona pansi pa bomba. Mkulu wa kampani anaima n'kunena zimene analonjeza, mwaulemu kwambiri, n'kuwonjezera kuti si bwino kunena zoipa za wakufa koma zoona n'zoona. Anthu anagwedeza mitu, ena n'kuyankha kuti pula, mawu awo ovomerezera. Shalom anali pafupi ndi mayi ake, akuyang'ana zala zake.

Beston anaimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja. Mayi khansala anamuloza kuti alankhule. Anayamba ndi moni wa Chisetswana, koma Chisetswana chake chinali cha pa ntchito ndi pa shopu, ndipo chinathera pomwepo. Anayesa Chingelezi, achikulire n'kuyamba kung'ung'udza kuti sakumva. Mayi khansala anafunsa ngati pali wina amene angamasulire. Panali Amalawi angapo, koma onse anayang'ana pansi, chifukwa anaona nkhope ya Beston n'kudziwa kuti si nkhani yoti munthu aikepo pakamwa pake.

Amene anaimirira ndi Bernadette. Zaka khumi ndi zisanu za m'makhitchini a eni dziko zinali zitamupatsa Chisetswana chosalala. Sanapite pafupi ndi mchimwene wake, anaima pomwe anali, mizere itatu patsogolo, atamufulatira.

Beston analankhula m'Chichewa, chiganizo chimodzichimodzi. Anati iye ndi wa ku Nsanje, kumene madzi saundana. Anati anaona kavavu kakudontha, anaganiza kuti kawonongeka, n'kutseka nyumba khumi ndi imodzi. Mma Goitse anagwira pakamwa. Anati magiza analibe vuto, ndipo akasiyidwa mmene anamangidwira saphulika. Anati mlamu wake anakwera m'mawa uja kukachotsa mapulagi kuti iye asachotsedwe ntchito. Anatinso tsiku la maliro iye anazungulira madenga kufafaniza umboni. Bernadette anamasulira zonse, osafewetsa liwu ngakhale limodzi, ndipo pamene Beston anameza mawu pa nkhani ya umboniyo, anamudikira mpaka anainena bwinobwino. Mkulu wa kampani anatseka kabuku kake n'kumuyang'ana Beston, ndipo Beston anadziwa kuti za Lolemba zatha kale.

"Chomaliza ndi ichi," anatero. "Munthu amene anafayo sanalakwe kanthu. Ndikupempha kuti zilembedwe choncho."

Bernadette anamasulira, ndipo mlembi wa komiti, amene anali watsopano pa udindowo, anadzutsa mutu n'kufunsa kuti malemuyo dzina lake anali ndani kuti alembe.

Chikwatiwire, Bernadette anali asanatchulepo dzina la mwamuna wake pagulu. Mkazi wakwathu satero. Anatembenuka, anagwira phewa la Shalom n'kumuimiritsa pafupi naye kuti anthu onse amuone.

"Frackson Chimkwita," anatero mokweza. "Mmisiri. Uyu ndi mwana wake."